Anamuwowoza asanaugwire n'komwe mpira

Pali phokoso lina limene ndinalimva pa wailesi ya kanema Loweruka pa 17 Epulo 1999, ndipo mpaka lero likandibwerera m'makutu ndimachita manyazi. Sindinali nawo m'holo ya ku New York momwe linkachokeramo, koma nane ndinathirirapo mang'ombe ndili khale pa mpando wa eni ake mu mzinda wa Philadelphia. Linali phokoso la amuna akuluakulu, ena a ana awo kale, akuwowoza mnyamata wa zaka 22 amene sanawalakwire kanthu kalikonse, amene tsiku limenelo anavala suti yake yabwino kuti akamve kumene akagwire ntchito. Dzina lake ndi Donovan McNabb.

Ndinapita ku Philadelphia m'chaka cha 1998 kukachita maphunziro, ndipo ndinapeza chipinda cha lendi kwa achikulire ena opuma pa ntchito yoyendetsa mabasi. Mpira wa ku America, umene eni ake amangouti football ngakhale phazi limaugunda mwa apo ndi apo, ine ndinkauona ngati ndewu ya anthu ovala zisoti. Achikulirewo ndiwo anandiphunzitsa, pa tebulo la kukhitchini, pogwiritsa ntchito masipuni ndi kabotolo ka mchere. Timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mpira mayadi khumi. Kabotolo ka mchere kanali quarterback, amene amalandira mpira poyamba, n'kuona m'kanthawi kochepa kuti auponyere ndani. Ameneyu ndiye ubongo wa timu. Sipuni yaikulu inali running back, amene amapatsidwa mpira m'manja n'kuthamanga nawo mobowola khoma la anthu. Sungani maudindo awiriwa, awerengi, chifukwa mkangano wonse wa 1999 unagona pamenepa.

Chimene chinandivuta kumvetsa si malamulo a m'bwalo ayi, koma mmene matimu amapezera osewera. Ife tinazolowera kuti timu ya ndalama ndiyo imagula mnyamata waluso, yosauka izingoyang'ana. Mu ligi yawo ya NFL zinthu n'zotembenuza. Chaka chilichonse mu Epulo pamakhala mwambo umene amautcha draft, pamene matimu amasankha anyamata ochokera m'makoleji mmodzimmodzi motsatira mzere, ndipo woyamba pa mzerewo ndi timu imene inachita manyazi kuposa onse chaka chathacho. Akatswiri amasankha komalizira. Kulibe zotuluka mu ligi. Ukaluza kwambiri, mphotho yako ndi kuyamba kutapa m'mbale. Mnyamatayo alibe chonena: timu imene yatchula dzina lake ndiyo yokhayo imene angasaine nayo chaka chimenecho.

Nzeru imeneyi inabadwira mu Philadelphia momwemo, ndipo inabadwa chifukwa cha umphawi. A Bert Bell, mmodzi wa anthu amene anayambitsa timu ya Eagles mu 1933, anatopa ndi kuona anyamata onse abwino akupita ku Chicago Bears, New York Giants ndi Green Bay Packers, matimu amene anali ndi ndalama ndi mbiri. Mu Meyi 1935 anauza eni matimu anzawo kuti ligi singakhale yolimba ngati matimu ena amangobwera kudzadyedwa, popeza palibe munthu angalipire pakhomo kukaonera masewero amene mathero ake akudziwika kale. Anzawowo anavomera. Pa 8 Febuluwale 1936 eni matimu asanu ndi anayi anakumana mu hotela ya Ritz-Carlton ku Philadelphia, maina a anyamata atalembedwa pa bolodi, ndipo anasankha osewera 81. Panalibe sapota, panalibe kamera. Eagles, imene mu 1935 inawina masewero 2 okha mwa 11, ndiyo inayamba, ndipo inatenga Jay Berwanger wa ku University of Chicago, munthu woyamba kulandira mphotho imene lero imatchedwa Heisman, ya wosewera wopambana onse m'makoleji.

Apa ndiye pali nthabwala ya mbiri. Berwanger sanasewereko mpira wa ligi ngakhale tsiku limodzi. Eagles itaona kuti singakwanitse ndalama zimene ankafuna, inapereka ufulu wake kwa a George Halas a Chicago Bears, ndipo nawonso sanagwirizane naye. Mnyamatayo anakalowa bizinesi, poti masiku amenewo mpira sunali ntchito yoti munthu wa digiri n'kuitaya nayo moyo wake. Eagles mu 1936 inawina kamodzi n'kuluza kakhumi ndi kamodzi. A Bell eni ake anadzakhala mkulu wa ligi yonse kuyambira 1946, ndipo anamwalira mu Okutobala 1959 ali pa bwalo la Franklin Field akuonera Eagles ikusewera ndi Pittsburgh Steelers.

Chimene a Bell mwina sanachiganizire ndi zimene lamulo lawo lidzachite m'mitima ya masapota. Timu yako ikakhala yowola, draft imakupatsa chinthu chimodzi chokha chogwira, chiyembekezo, ndipo chiyembekezocho chimavala nkhope ya mnyamata mmodzi. Umafika mpaka pokhumba kuti timu yako iluze. Achikulire anga ankakonda kusimba za 1968. Chaka chimenecho Eagles inaluza masewero 11 oyambirira motsatizana, ndipo mzinda wonse unayamba kuwerengera kuti O. J. Simpson, wothamanga wa ku University of Southern California amene aliyense ankamufuna, ndi wawo basi. Kenaka timu ija, mosafunsa munthu, inawina masewero awiri. Simpson anapita ku Buffalo. Pa 15 Disembala, tsiku la masewero omaliza, kunja kukuzizira koopsa, kunatuluka m'bwalo munthu wovala ngati Santa Claus, uja ife timati Father Christmas, kuti asangalatse anthu pa nthawi yopuma. Anthu anamuwowoza n'kumugenda ndi mibulu ya chipale chofewa. Mbiri imeneyi yawamatirira anthu a ku Philadelphia mpaka lero.

"Kodi inu bambo munalipo?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Ndinalipo, mwana wanga, koma ine sindinagende."

Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti mdala aliyense wa mumzindamo analipo tsiku limenelo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagenda.

Chotsatira cha nkhaniyi anthu sachikonda kuchisimba. Mu draft ya 1969 Eagles inasankha kachitatu ndipo inatenga Leroy Keyes, dzina lodziwika, amene anali wachiwiri kwa Simpson pa mavoti a Heisman. Pittsburgh, imene inali pambuyo pake penipeni, inatenga mnyamata wotchinga wa ku koleji ya North Texas State, ndipo nyuzipepala ina ya kumeneko inafunsa pa mutu wa nkhani kuti kodi Joe Greene ameneyu ndi ndani. Keyes sanapite patali. Greene anakhala mzati wa timu imene inatenga chikho cha Super Bowl kanayi m'zaka za m'ma 1970.

Kwa zaka zambiri draft inali msonkhano wa mabwana m'chipinda cha hotela, masapota n'kumawerenga zotsatira m'nyuzipepala m'mawa mwake. Zinasintha mu 1980 pamene wailesi ya kanema ya ESPN, imene inali isanathe ndi chaka chomwe, inayamba kuulutsa mwambowu. Kunena zoona palibe chooneka ndi maso: munthu amafika pa maikolofoni, kutchula dzina, n'kuchoka, anthu n'kudikiranso mphindi zingapo. Chimene chinadzaza mpata umenewo ndi pakamwa. Kunabuka akatswiri a draft, wodziwika kwambiri ndi Mel Kiper amene anayamba kuoneka mu 1984, anthu oti sanaphunzitsepo timu koma amadziwa kutalika, kulemera ndi liwiro la mnyamata aliyense. Mu 1994 Kiper atadzudzula Indianapolis Colts chifukwa chosatenga quarterback, bwana wa timuyo a Bill Tobin anapsa mtima pa kanema pomwepo n'kufunsa kuti Kiper ameneyu ndi ndani kodi, munthu woti sanavalepo n'komwe zovala za mpira. Ndipo kumtunda kwa holo, m'mipando ya anthu wamba, munakhala masapota. Popeza mwambowu unkachitikira ku New York chaka ndi chaka kuyambira 1965 mpaka 2014, amene ankadzaza mipandoyo anali a New York Jets, ndipo anasandutsa kuwowoza kukhala mwambo wawo.

Ndiwachitire chilungamo: nthawi zina ankalasa. Mu 1983 Jets inasiya Dan Marino n'kutenga Ken O'Brien wa ku koleji yaing'ono, anthu anadandaula, ndipo Marino anakakhala mmodzi wa oponya mpira opambana m'mbiri yonse ku Miami. Mu 1995 anaimba mofuula kuti akufuna Warren Sapp, timu inatenga Kyle Brady, ndipo Sapp ali mu Hall of Fame lero. Tsono musaganize kuti ndikunena kuti sapota ndi chitsiru. Sapota amaona, ndipo amakumbukira kuposa bwana. Vuto lake ndi loti amakumbukira masiku amene analasa okha.

Tsopano tifike mu 1999. Chaka cha 1998 chinali cha maliro ku Philadelphia. Eagles inawina masewero 3, kuluza 13, ndipo inapeza mapointi 161 okha m'masewero 16, ochepa kuposa timu ina iliyonse. Chikho cha ligi anali atachiona komaliza mu 1960. Kochi Ray Rhodes anachotsedwa, ndipo mu Januwale 1999 mwini timu a Jeffrey Lurie analemba ntchito munthu wosadziwika kwa ambiri, Andy Reid, amene ankaphunzitsa ma quarterback ku Green Bay. Eagles inali yachiwiri pa mzere wa draft. Yoyamba inali Cleveland Browns, timu imene inkayambanso mwatsopano chaka chimenecho.

Ku University of Texas kunali Ricky Williams. Mu Novembala 1998 mnyamatayu anaphwanya mbiri ya Tony Dorsett imene inakhala zaka 22, ya mayadi ochuluka othamanga ndi mpira m'makoleji aakulu, ndipo anaiphwanya mochititsa kaso, ndi liwiro la mayadi 60 mpaka kukagoletsa. Anamaliza ndi mayadi 6,279 n'kulandira Heisman. Anali wamphamvu, wa tsitsi lopota, womwetulira. Ukamuona pa kanema sunkafunikira munthu wokumasulira. Ine amene ndinali nditangophunzira mpirawu ndi masipuni ndinkamumvetsa Williams. McNabb wa ku Syracuse ndinali ndisanamuonepo akusewera ngakhale mphindi imodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene ankakuwa nane analinso chimodzimodzi.

Mzinda wonse unagwa m'chikondi. Wailesi ya zamasewero ya WIP, imene achikulire anga ankaitsegula m'mamawa tiyi asanawire, inkangonena za Williams. Ngakhale meya wa mzinda a Ed Rendell, sapota wa Eagles wodziwika, ankalimbikitsa anthu poyera kuti auze timu kuti itenge Williams. Taganizani, abale, mfumu ya mzinda wa anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka ikuchita kampeni ya running back! Muulutsi wa pulogalamu ya m'mawa pa WIP, Angelo Cataldi, anasonkhanitsa masapota makumi atatu, amene anadzatchuka ndi dzina loti Dirty Thirty, n'kuwakweza basi ya ku New York kuti akalandire Williams ndi nthungululu.

Achikulire anga okha m'nyumba monse ndiwo anali ndi kakayikiro. Ankati timu ili naye kale wothamanga, Duce Staley, amene anadutsa mayadi 1,000 mu 1998 ngakhale timu inali yowola. Chimene inalibe ndi woponya. Bobby Hoying, amene anayamba chaka chija ngati quarterback wodalirika, sanaponye mpira wogoletsa ngakhale umodzi chaka chonse, pamene adani anamulanda mipira isanu ndi inayi. "Nyumba ikudontha padenga, inu mukukagula mpando wa sofa," anatero. Ine ndinawayankha mwaulemu kuti wailesi yonse singalakwe. Anangondiyang'ana.

Pa tsikulo, mu holo ya ku Madison Square Garden, Cleveland inatenga quarterback Tim Couch wa ku Kentucky. Williams anali akadalipo. Anyamata a m'basi aja anayamba kuvina. Kenaka mkulu wa ligi a Paul Tagliabue anafika pa maikolofoni n'kunena kuti Philadelphia Eagles yasankha Donovan McNabb, quarterback, Syracuse. Dzinalo lisanathe n'komwe kutuluka pakamwa, phokoso linadzaza holo. McNabb anakwera pa nsanja, anavala kapu ya Eagles, ananyamula jezi, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene wapondedwa chala pa ukwati wake. Ine kunyumba kuja ndinamenya tebulo n'kunena mawu amene sindingawalembe m'nyuzipepala ya banja.

Amene anawowozawo akhala akunena kuti sankawowoza McNabb koma chiganizo cha timu. Ndikuwakhulupirira. Koma chiganizo chilibe makutu. Andy Reid ndi anzake anali m'chipinda chawo ku Philadelphia, kutali ndi phokosolo. Amene anaimirira pamaso pa dziko lonse anali munthu mmodzi yekha mwa onse okhudzidwa amene sanasankhe kanthu. Mwini timu anasankha kochi, kochi anasankha wosewera, masapota anasankha kukwera basi. Mnyamatayo lamulo la a Bell linamulanda ufulu wosankha kumene akagwire ntchito, kuti masapota a timu yofooka akhale ndi chiyembekezo, ndipo masapota omwewo ndiwo anamulandira chotero. Alipo ochepa amene anakanapo: John Elway anakana Baltimore Colts mu 1983, Eli Manning anakana San Diego mu 2004, onse awiri mpaka anasinthanitsidwa. McNabb sanakane. Anapita kumene anamutuma.

Zimene zinachitika m'mphindi zotsatira zikuonetsa kuti misala sinali ya masapota okha. Cincinnati inatenga quarterback wina, Akili Smith. Indianapolis inkafunadi running back, koma inamudumpha Williams n'kutenga Edgerrin James wa ku Miami, anthu n'kudabwa. Ndiye kunabwera a Mike Ditka, kochi wa New Orleans Saints, munthu woti anatengapo Super Bowl ndi Chicago, osati sapota wa m'basi ayi. Iwowa anapereka ku Washington mipata yawo yonse ya draft ya 1999, kuwonjezapo iwiri ya 2000, yonse pamodzi isanu ndi itatu, kuti apeze Williams yekhayo. Anakokolola nkhokwe yonse kugula tambala mmodzi. Pambuyo pake anajambulitsa pa chikuto cha magazini, iwo atavala suti ya mkwati, Williams atavala diresi la mkwatibwi. Saints inawina masewero 3 n'kuluza 13 chaka chimenecho, ndipo a Ditka anachotsedwa ntchito.

Williams sanali wolephera, ndipo sindikufuna kumunamizira kuti nkhani yanga ikome. Anakhala zaka zitatu zovuta ku New Orleans, kumene ankayankha mafunso a atolankhani atavala chisoti kumutu. Zinadzadziwika pambuyo pake kuti anali ndi matenda a mantha oopa anthu. Atapita ku Miami mu 2002 anatsogola ligi yonse ndi mayadi 1,853. Mu 2004 anasiya mpira mwadzidzidzi, anabwereranso, analetsedwa chaka chonse cha 2006 chifukwa chophwanya malamulo a ligi a mankhwala, anakasewera ku Toronto, n'kubweranso. Anamaliza ndi mayadi oposa 10,000, chinthu chimene ochepa amachifika. Koma ndimadzifunsa kuti munthu woopa maso a anthu chotero, mzinda wogenda Father Christmas ukanamutani? Ndipo James uja amene palibe anamukwerera basi ndiye anatsogola ligi pa kuthamanga mu 1999 ndi 2000, n'kulowa mu Hall of Fame. Ndiye kuti ngakhale pa funso lathu lomwe, la wothamanga, yankho lathu silinali lopambana.

Nanga McNabb? Anasewera zaka 11 ku Philadelphia. Couch anatha zaka zisanu ku Cleveland, Smith anazimirira msanga kuposa apo. McNabb anasankhidwa kasanu ndi kamodzi ku Pro Bowl, anafikitsa Eagles kasanu pa masewero olimbirana ukatswiri wa chigawo cha NFC, khomo lolowera ku Super Bowl. Mu Novembala 2002 anathyoka fupa la pa kakolo kumayambiriro kwa masewero ndi Arizona, sanatuluke, ndipo anaponya mipira inayi yogoletsa akutsimphina. Achikulire anga sananene kuti "ndinakuuza". Ankangosuntha kabotolo ka mchere pa tebulo n'kukaika patsogolo panga.

Komabe chikondi cha mzinda ndi McNabb sichinakhale chathunthu, ndipo apa mpamene nkhani imavuta. Pa makomo asanu aja, anayi anatsekeka. Mu Januwale 2002 anagonja kwa St. Louis, mu Januwale 2003 anagonja pakhomo kwa Tampa Bay ya Warren Sapp yemwe uja, pa masewero omaliza a Eagles m'bwalo la Veterans Stadium, mu 2004 anagonjanso pakhomo kwa Carolina, mu 2009 kwa Arizona. Kamodzi kamene analowa, pa 6 Febuluwale 2005 ku Jacksonville, New England Patriots inawina 24 kwa 21. McNabb anaponya mipira itatu yogoletsa, itatu inalandidwa, ndipo anthu mpaka lero amakangana za kuchedwa kwa timu m'mphindi zomaliza. Nthawi iliyonse akagonja, mawu a 1999 ankadzukanso pa wailesi ngati chilonda chosapola. Iyenso sanaiwale, wakhala akulitchula tsiku lija pocheza ndi atolankhani zaka zambiri pambuyo pake.

Ena amafunsa ngati khungu linalowapo. Pa kuwowoza kwa tsiku lija sindikuona choncho, poti Williams amene ankamufunayo nayenso ndi wakuda. Koma mpando wa quarterback unali ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri anyamata akuda aluso ankauzidwa kuti athamange, kuganiza asiyire ena, ndipo 1999 chinali chaka chachilendo pamene ma quarterback akuda atatu, McNabb, Smith ndi Daunte Culpepper, anasankhidwa m'ndime yoyamba. Mu 2003 muulutsi Rush Limbaugh ananena pa ESPN kuti McNabb amangotamandidwa chifukwa atolankhani akufuna quarterback wakuda achite bwino. Patangopita masiku ochepa anatula pansi udindo. Sindinganene kuti ife amene tinkaona wothamanga mosavuta koma woponya osamuona, tinali oyera m'maso kotheratu.

Ndipo tamuonani amene anamugonjetsa McNabb mu 2005. Tom Brady anasankhidwa mu draft ya 2000 pa nambala 199, m'ndime yachisanu ndi chimodzi, ma quarterback asanu ndi mmodzi atatengedwa kale. Matimu onse, ndi madokotala awo, ndi mawotchi awo oyezera liwiro, ndi mafailo awo, anamudutsa kangapo konse, kuphatikizapo New England yomweyo. Palibe anamuwowoza poti palibe ankamvetsera. Anatenga Super Bowl kasanu ndi kawiri. Ndikamva munthu akunena kuti masapota azikhala chete asiyire odziwa, ndimakumbukira nambala imeneyi. Odziwawo amasiyana ndi ife pa chinthu chimodzi: akalakwitsa amachotsedwa ntchito. Ife timangosintha siteshoni.

McNabb anagulitsidwa ku Washington mu Epulo 2010, Reid anachotsedwa kumapeto kwa 2012. Pa 19 Seputembala 2013 Eagles inapumitsa jezi nambala 5 kuti wina asadzaivalenso, ndipo anasankha usiku umene Reid anabwera ndi timu yake yatsopano ya Kansas City. Bwalo lonse linaimirira kuwaombera m'manja onse awiri. Kansas City inawina. Ine ndinali nditabwerera kumudzi kalekale, achikulire anga atatsikira kuli chete osachiona chikho chimene anachidikira kuyambira 1960. Chinabwera mu Febuluwale 2018, ndipo amene anachibweretsa sanali Carson Wentz, amene timu inapereka mipata yambiri kuti imutenge pa nambala 2 mu 2016, poti iye anali atavulala bondo. Anali wapabenchi, Nick Foles, wa m'ndime yachitatu ya 2012.

Draft lero ndi chikondwerero choyendayenda. Mu 2017 inabwerera ku Philadelphia, panja pa msewu wa Benjamin Franklin Parkway, ndipo ku Detroit mu 2024 kunasonkhana anthu oposa 700,000 m'masiku atatu kudzamvera maina akuwerengedwa. Mkulu wa ligi a Roger Goodell amawowozedwa akangotulukira, ndipo amachita kukodola ndi manja kuti anthu awonjezere. Chimene chinali mkwiyo chasanduka gule.

Koma mkwiyo weniweni sunathe. Mu Epulo 2020, chaka cha mliri wa Covid-19, draft inachitika popanda khamu, a Goodell akuwerenga maina ali m'chipinda chapansi cha nyumba yawo. Pa nambala 53 Eagles inatenga quarterback Jalen Hurts. Wentz anali atangosaina kontrakiti ya madola 128 miliyoni chaka chapitacho, ndipo timu inkasowa osewera m'malo ena. Holo yowowozeramo kunalibe, tsono anthu anakawowozera pa wailesi ndi pa intaneti. Ndikuulula kuti nane, ndi imvi zangazi, nditaona pa foni m'mawa mwake ndinapukusa mutu n'kunena kuti awa apenga. Pa 9 Febuluwale 2025, mu Superdome ku New Orleans, bwalo lija Ricky Williams anayambira ntchito, Eagles inagonjetsa Kansas City ya Andy Reid 40 kwa 22, ndipo amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana usiku umenewo anali Hurts.